Babai Amene Anakana Mchere

Beru, 6 Febuluwale

Mwana wanga Tabera,

Ndikhulupirira uli bwino ku Tarawa kumeneko. Ine ndilipo, bondo lokhali ndilo likundichita chipongwe ndikamakwera mtengo wa kokonati kukatenga uchema. Azakhali ako Nei Rakera ali bwino kwambiri, pakamwa pawo sipanachepe ngakhale pang'ono.

Nkhani ya kuno ndi mchere. Madzi aakulu a mwezi watha analowa mpaka kuseri kwa tchalitchi, ndipo atabwerera anasiya maenje onse a babai, chilazi chathu chija cha m'madzi, akununkha. Masamba achita chikasu, pansi pakuwola. Anzanga a Tiaon asiya dzenje lawo, akuti azidya mpunga wa m'sitolo ngati anthu a m'tauni. M'dzenje mwathu namonso zonse zapita, kupatula mmodzi: uja anabzala malemu amayi ako chaka chimene unapita kusukulu ku Fiji, amene ankati tidzamukumbe tsiku la ukwati wako. Ameneyo ali chiimire, masamba ake andipitirira msinkhu. Kaya mcherewo akuumva kukoma, kaya ndi makani a amayi ako, sindikudziwa.

M'mawa uliwonse ndimatsikira m'dzenjemo kukamudyetsa. Ndimaduladula masamba, ndimasakaniza ndi dothi lakuda, ndimathira m'dengu lija tinaluka mozungulira tsinde lake. Ndikamatuluka dzuwa limakhala litakwera, ndipo tsiku limakhala lachepako.

Mlongo wako Uriam walembanso kuchokera ku New Zealand. Akuti mapepala anga akhoza kutheka, chipinda chilipo, ndipite ndizikasewera ndi adzukulu. Ndamuyankha zomwe zija: nanga babai wa amayi anu azimudyetsa ndani? Chamoyo sungachisiye ndi njala. Iyeyo akadali m'dzenjemo, ine pachilumba pano sindichoka.

Tsono iwe, mwamunayo ali kuti? Babaiyu wakalamba akudikira iwe, ine ndakalamba ndikudikira iye. Unditumizireko mbedza zazing'ono ndi magalasi owerengera, akale aja ndinawakhalira. Ndipo uzilemba. M'nyumba muno imalankhula ndi wailesi yokha, nayonso mabatire akatha timangoyang'anana.

Ndine bambo ako,
Baraniko

Tarawa, 1 Malichi

Bambo anga okondedwa,

Kalata yanu ndalandira, ndaiwerenga mpaka pepala lafewa. Mbedza ndi magalasi ndapatsira aphunzitsi amene akubwera ndi sitima ino. Za mwamuna musandifunsenso, chonde. Amuna a kuno akangomva kuti mkaziyu ntchito yake ndi yoyeza dothi, amathawa ngati ndikufuna kuyeza iwowo.

Mumandifunsa nthawi zonse kuti ku ofesiko timachita chiyani kwenikweni. Chaka chino ndingathe kukuyankhani. Boma laona kuti a sayansi m'dziko muno ndife ochepa, sitingathamangire chilichonse chimene kusintha kwa nyengo kukuwononga. Ndiye lakhazikitsa komiti yoti isankhe zinthu zitatu zokha zoti tizifufuza zaka zikubwerazi. Zotsalazo zidikire. Ine andiikamo. Wa zaulimi ndine ndekha, wochokera kuzilumba za kum'mwera ndinenso ndekha.

Aliyense akukokera kwake. Wina akuti makoma otchinga nyanja. Wina akuti madzi akumwa. Wina akuti tidziwe kumene nsomba zikuthawira. Ndiye pali bambo wina wa tayi amene akuti tifufuze ntchito zimene ana athu angakagwire kunja, poti mapeto ake tonse tidzasamuka basi. Ine nditaimirira n'kutchula babai, anthu anaseka chapansipansi.

Apampando, mayi abwino ndithu, anandikokera pambali. Anati, "Tabera m'bale wanga, ine babai ndimamukonda kuposa iwe, ona thupili. Koma akumulimabe ndani? Undibweretsere mbewu imene yapirira mchere, ndiigwire ndi manja angawa. Nkhani zokha za kumudzi anthu awa sangazimve."

Bambo, mbewu imeneyo ili m'dzenje mwanu. Munganditumizireko kamphukira kamodzi ka babai wa amayi? Tikadziwa chifukwa chake iye yekha sakufa, tingathe kumuchulukitsa, maenje onse a kuzilumba n'kudzukanso. Munthu amene ali ndi chakudya chake sachoka kwawo. Chimene ndikumenyera n'chimenecho, kuti anthu ngati inu asamakakamizike kukafera kozizira.

Kuno anthu ndi ochuluka moti ukayetsemula oyankha ndi khumi, koma ine ndimadya ndekha. Ndikaweruka ndimaphika mpunga, ndimatsegula nsomba za m'chitini, ndimadyera m'poto momwemo. Ndakusowani.

Mwana wanu,
Tabera

Beru, 28 Malichi

Tabera,

Magalasi afika, zikomo. Tsopano ndikuona bwinobwino kuti azakhali ako akalamba. Ndawauza, sanandiphikire masiku awiri.

Za komiti yako ndamva. Ha, anthu a sayansi! Nyanja ikulowa m'nyumba, inu muli pamipando kusankha zitatu. Koma ndisakunyozeni, ngakhale ine ndikapita kukawedza sinditenga mbedza zonse.

Za mphukira zisiye, mwana wanga. Babai wa banja sayenda pasitima, ndipo sagwidwa ndi manja a alendo. Ngati apampando akowo akufuna kumuona, abwere. Ndiwawotchera nsomba, ndiwayalira mkeka watsopano. Adzaime pamwamba pa dzenje, adzamuone mpaka akhute, koma m'katimo asalowe. Iwenso bwera nawo, udzaone mmene nyumba yako yapendekera.

Dzulo ndinamuuza za iwe. Usaseke. Ndikamathira masamba m'dengumo ndimamuuza zonse za pamudzi pano, amene wabereka, amene wamenyana, amene wasamuka. Osamukawo ndiwo achuluka. Banja la a Kaiea lapita mwezi uno, pakhomo pawo patsala galu yekha, amabwera kudzagona pansi pa nyumba yanga. Ndinamuuzanso babaiyo kuti mwana wako uja akudyera m'poto. Tsamba limodzi linagwedera, koma mwina inali mphepo.

Usamadyere m'poto. Gula mbale, ngakhale imodzi.

Bambo ako,
Baraniko

Tarawa, 20 Epulo

Bambo,

Ndikhulupirira bondo likupezako bwino. Ine thupi lili bwino, mtima ndiwo suli m'malo.

Apampando sangabwere ku Beru. Msonkhano womaliza uli mu Julayi, ndipo ndikafika chimanjamanja, nkhani ya babai yathera pomwepo. Ikagwa pano sidzadzukanso mpaka maenje onse atauma. Bambo wa tayi uja anandifunsa pamaso pa anthu kuti, "Mayi, babai wanu wodabwitsayo ali ndi mapiko? Nanga bwanji sakufika?" Ndinangoyang'ana pansi.

Ndaganiza masiku ambiri ndisanalembe mawu otsatirawa. Mukudziwa kuti chibadwire sindinachitepo bubuti kwa inu. Munandiphunzitsa nokha kuti wachibale akapempha ndi mawu amenewa sakanizidwa, safunsidwa chifukwa, ndipo wopatsayo sadandaula, n'chifukwa chake munthu wanzeru sawatchula wamba. Lero ndikuwatchula.

Bubuti, bambo anga. Nditumizireni mbewu ya babai wa amayi.

Kamphukira kamodzi n'kokwanira. Mwiniwakeyo sadziwa n'komwe kuti kachoka, azingokula ngati kale, ndipo inu muzimudyetsa ngati kale. Mundikhululukire pokukakamizani. Sindikudzipemphera ine ndekha.

Mwana wanu,
Tabera

Tarawa, 2 Juni

Bambo,

Mwezi wonse wa Meyi maso anga anali kunjira, koma kwanu kuli zii. Akuti ndege yaing'ono yobwera kwanuko yawonongeka ndipo makalata akudikira sitima. Ndikufuna kukhulupirira kuti chifukwa chake n'chimenecho, osati kuti mwandikwiyira.

Musavutikenso ndi mbewu ija. Musatumize. Msonkhano anaufulumizitsa, poti alendo amene akuthandiza boma amayenera kubwerera kwawo, ndiye wachitika sabata yatha. Asankha madzi akumwa, makoma otchinga nyanja, ndi ntchito za ana athu kunja. Babai anamuika pa zinthu zodzaonedwa m'tsogolo, kumene kumaikidwa zinthu zimene anthu akuchita nazo manyazi kuzitaya.

Sindinganene kuti asankha zopusa. Dokotala wina anaimirira n'kufotokoza za ana amene akutsegula m'mimba chifukwa cha zitsime za mchere, ndipo inenso ndinakweza dzanja. Koma pamene ankawerenga chachitatucho, ndinamva ngati dziko langa lavomera pamaso panga kuti likulongedza katundu. Anthu anaomba m'manja, kenako kunabwera tiyi ndi mabisiketi. Apampando anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Ulendo wina, m'bale wanga." Ndinatuluka, ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, minibasi zikundiimbira mabelu njira yonse. Ndinalibe woti ndimuuze.

Bubuti uja ndabweza. Kamphukirako kasiyeni pa mayi wake. Ndipo ndiyankheni, ngakhale mzere umodzi wonditukwana.

Tabera

Beru, 8 Juni

Mwana wanga,

Sitima ikufika mawa, ndiye ndikulemba mothamanga. Kalatayi uipeza m'kati mwa mtolo.

Wapempha, ndatumiza. Ndachedwa chifukwa sindinafune kuti mbewu idikire pamtunda sitima isanaoneke. Ndaikulunga m'masamba a nthochi onyowa, kunja ndaika chiguduli. Ndimuuza wa m'sitimayo kuti aziwazako madzi abwino, ndimupatsa nsomba zouma kuti asaiwale.

Ikafika usaigoneke. Uiike pamadzi osaya, pamthunzi, khosi lake lisamire. Masabata oyamba musaidyetse kanthu, ili ngati munthu wodwala, imayamba yafuna kupuma. Ikatulutsa tsamba loyamba undiuze, ndidzakulembera chochita.

Apampando akowo aigwire ndi manja awiri. Ndipo bambo wa tayiyo umuuze kuti mapiko yamera.

Kuno tonse tili bwino. Usadandaule chilichonse.

Bambo ako,
Baraniko

Beru, 14 Juni

Iwe Tabera,

Ndine azakhali ako. Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga sukufuna. Kalatayi ndapatsira anamwino amene akukwera ndege, poti aikonza tsopano, ndiye mwina ikupeza sitima isanafike. Bambo ako sakudziwa kuti ndalemba.

Koma iwe, sukulu yonse ija ya ku Fiji, unaiwala kufunsa funso limodzi? Babai alipo wobereka ana m'mbali, alipo wosabereka. Wa amayi akowo chibzalire sanatulutsepo mphukira. Mbewu yake ndi mutu wake, ndipo mutuwo sungaudule iye ali m'dzenje. Umayamba wamuzula yense.

Ine ndinawauza achimwene kuti, "Mulembereni mwanayo, sakudziwa." Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati, "Rakera, munthu akachita bubuti umamuuza mtengo wake? Ndiye kuti ukumukaniza mochenjera. Ine mwana wanga sindimukaniza mochenjera." Ndinati, "Nanga makani amenewa mudzadya?" Anati, "Iwe ukadye kwanu."

Anadikira mpaka wailesi italengeza za sitima. Kenako anaitana a Tiaon ndi ana awo. Mayo ine, chinthu chija! Amuna anachinyamula pamtengo ngati nkhumba ya pa Khirisimasi. Achimwene anadula okha mutuwo, sanalole wina kugwira mpeni.

Tsono babai wotere sadyedwa m'nyumba. Mwambo ndi woti apite ku maneaba, nyumba yathu ya misonkhano ija, mudzi wonse ukadye, ndipo mwiniwake anene chimene tasonkhanira. Azimayi anayamba kale kululutira, wina akuti Tabera wapeza mzungu, wina akuti ayi, ndi m'busa wa ku Fiji. Nei Bwena anachita kundifunsa kuti, "Mkwatiyo mwamubisa kuti, kapena ali ndi pakati?" Ndinamuyankha zimene sindingalembe.

Bambo ako anaimirira pamalo pa banja lathu, atavala malaya oyera aja a pamaliro a amayi ako. Anati, "Ukwati palibe. Dziko lapempha mbewu ya mkazi wanga Aroita, kuti maenje a zilumba zonse adzukenso. Mutu ukupita ku Tarawa, thupi ndi lanu. Idyani." Anthu anaomba m'manja mpaka akuluakulu ena kulira. Aliyense anadya, ana anatengera kunyumba. Iwo sanalawe, akuti mano.

M'mawa mwake tinaperekeza mtolowo kugombe. Boti lomwe linautenga ndi lomwe linatsitsa thumba la makalata. Yako ija ya pa 2 Juni anawapatsira pomwepo. Anavala magalasi, anawerenga ataimirira, anayambiranso pamwamba. Nthawi imeneyo boti linali litadutsa kale pamiyala. A Tiaon anafunsa kuti, "Akuti bwanji mwana?" Iwo anapinda pepalalo bwinobwino n'kuika m'thumba. Anati, "Akuti moni nonse."

Ine ndinaiwerenga pambuyo, ndinaipeza pansi pa mkeka. Usandifunse kuti ndimafunako chiyani.

Chichokereni sitimayo, m'mawa uliwonse amadulabe masamba. Amafika nawo pa dzenje, amaima, amabwerera nawo. Kuseri kwa nyumba kwadzaza mulu. Sindikukutukwana, mwana wa mchimwene wanga, koma ndikukutukwana. Chinthucho chikafika uchisamale kuposa maso ako.

Azakhali ako,
Rakera

Tarawa, 12 Julayi

Bambo anga,

Azakhali andiuza zonse. Musawakalipire.

Kalata yawo inafika sitima isanafike, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkapita kudoko m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Alonda anafika pondizolowera, ankati, "Mayi uja wodikira mwamuna wa m'sitima wabwera." Sitimayo inazungulira zilumba zina kutenga kokonati wouma, inakhalanso masiku pa chilumba china kudikira nyanja kuti ichite bata. Yafika pa 3 mwezi uno.

Ndikufuna ndikunamizeni, koma sindingathe. Mtolo unali pafupi ndi injini. Masamba a nthochi anauma gwa. Nditamasula, fungo linandiuza ndisanaone. Mutuwo unali utafewa mpaka m'kati. Ndinachotsa powola ponse, kotsalako ndinakaika m'mgolo wodula pakati kuseri kwa chipinda changa, pamthunzi, khosi losamira, monga munanenera. Ndakhala ndikukayang'ana m'mawa, masana ndi madzulo. Dzulo ndinakagwira, kanangophwanyika m'manja.

Wafa, bambo. Babai wa amayi wafa, ndipo palibe wa komiti ngakhale mmodzi amene anamuona.

Ndikufuna kukufunsani kuti bwanji simunandiuze, koma yankho ndikulidziwa, ndinalilemba ndekha m'kalata ija. Ndinatseka pakamwa panu kenako n'kumadabwa kuti simukulankhula. Zikundiwawa kwambiri. Ku ofesi ndimakhala pa tebulo langa, anzanga ali kalikiliki ndi mapulani a makoma, ine osamva kanthu.

Ndapempha tchuthi cha Disembala. Ndili ndi mnzanga wa ku chilumba cha Butaritari amene walonjeza kundipezera mbewu zabwino za kwawo. Ndibwera nazo, tidzatsuke dzenje, tidzaluke madengu atsopano, tidzayambirenso awiri. Uriam akalemba musamuyankhe ndisanafike. Chonde.

Mwana wanu,
Tabera

Beru, 9 Seputembala

Mwana wanga Tabera,

Ndachedwa kuyankha, pepa. Sikuti ndinakwiya. Ndinkasowa poyambira.

Choyamba, leka kulira. Unapempha monga mwana apemphera kwa bambo ake, ine ndinapereka monga bambo aperekera. Pamenepo palibe mlandu. Ukanapempha ndi mawu ena ndikanakukaniza mpaka kufa, ndipo bwenzi lero ukundida. Anthu a pamudzi pano akukhulupirirabe kuti mbewu ya Aroita ikukula ku Tarawa. Ine sindinawauze, nawenso usawauze. A Tiaon ayambanso kusesa m'dzenje mwawo, akuti akukonzekera ana ake. Asiye asese, munthu amafuna kopita m'mawa.

Zitatu zanuzo ndinazimva pa wailesi. Za madzi mwachita bwino, chitsime chathu nachonso tiyi wake sakumweka. Za makoma kaya. Zachitatuzo ndinkazinyoza, koma taona.

Mbewu za ku Butaritari umuthokoze mnzakoyo. Kwawoko mvula ndi yambiri, babai wawo ndi wosasatitsidwa, mchere wa kuno sangaupirire. Ngakhale atapirira, kuti afike pomwe anafika uja pamafunika zaka zimene ine ndilibe. Ndayesa kutsikira m'dzenjemo kangapo. Ndikafika pansi ndimapeza dengu lili pululu, ndipo ndimasowa woti ndimuuze nkhani. Ndiye ndimangokwera. Kunena zoona, mwana wanga, ndasungulumwa. Amayi ako atamwalira sindinasungulumwe chonchi.

Uriam ndamuyankha. Mapepala atheka, ndinyamuka mu Novembala. Nyumba ndasiyira azakhali ako, galu uja ndawasiyiranso, ngakhale akuti amudya. Ndidzagona kwa iwe ku Tarawa podikira ndege yaikulu.

Ndikukudziwa. Ukangowerenga izi utenga cholembera, ndipo ukudziwa mawu amene angandikhazike pansi pano mpaka imfa. Ukawalemba ndikhala, sindingakukanize. N'chifukwa chake ndakuyambirira. Bubuti, Tabera: usandipemphe kuti ndikhale.

Chomaliza. Uriam akuti kumeneko munthu sayenda chopanda nsapato, kuzizira kumalowera kumapazi, ndipo m'ndege momwemo akhoza kundibweza. Ine chibadwire sindinavalepo, nambala yanga sindiidziwa. Undigulire zofewa, zosavuta kumanga. Ndaponda papepalali n'kujambula mapazi anga kuseri kwake. Lakumanzere ndilo lalikulu, ugule potengera limenelo.

Ndine bambo ako,
Baraniko